Wodwala akayamba kunena za kale, kokani mpando

Munthu amene wagona miyezi ndi khansa kapena matenda ena osachiritsika amayamba kusowa pa nkhani za m'nyumba mwake momwe. Alendo akafika amafunsa gadiyani kuti, "Adya? Usiku agona bwanji?" pamene mwiniwake ali pomwepo, akumva zonse. Za lendi akukambirana ndi ena, geni ya makala yapita m'manja mwa mlamu, kumpingo usungichuma apatsa wina. Kabuku ka kuchipatala kamangodziwa zaka zake, sikelo yake ndi mlingo wa mankhwala. Ndiye tsiku lina munthu uja amangoyamba yekha: "Ine mukundionanu, ndinayendetsapo lole kuchoka ku Limbe mpaka ku Beira." Achibale amayang'anana, wina n'kumudula: "Pumulani bambo, musadzitopetse." Cholinga n'chabwino, koma amutsekera khomo lomwe linatsala. Ntchito yamuchoka, mphamvu zamuchoka, ulamuliro wa pakhomo wamuchoka. Chomwe angadziwonetsere nacho kuti iye ndani ndi pakamwa pake basi.

Amene anayambitsa chisamaliro cha odwala otere anazindikira zimenezi kalekale. Cicely Saunders, yemwe anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamaliramo odwala osachiritsika, ku London mu 1967, ankajambula mawu a odwala ake pa tepi, ndipo pomvetsera mawuwo anaona kuti ululu wa munthu amene watsala pang'ono kutisiya suli m'thupi mokha, uli m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, zonse zitalukana. Mu 1963 dokotala wina wa ku America, Robert Butler, analemba kuti okalamba akamabwereza za kale si kuti mutu wasokonekera, koma akuunikanso moyo wawo. Pambuyo pake Harvey Chochinov wa ku Canada anakonza ndondomeko yake: kufunsa wodwala mafunso angapo, kujambula mawu, kuwalemba, kumuwerengera kuti akonze, kenako kupereka cholembedwacho kwa munthu amene wodwalayo wasankha.

Kuno ku Blantyre chisamalirochi chilipo ku chipatala cha Queens. Kiliniki ya Umodzi, ya ana, inayamba mu 2002, ndipo Tiyanjane, ya akuluakulu, mu 2003. Koma nyumba zogonekamo odwala otere mpaka tsiku lomaliza si mwambo wathu. Ambiri amatulutsidwa ndi botolo la morphine, mankhwala ochepetsa ululu, n'kukagona kwawo ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Mbayani. Tanthauzo lake n'lakuti womvetsera nkhani zija kawirikawiri si dokotala. Ndi mwana wamkazi amene wasiya ntchito kuti adwazike mayi ake, ndi volontiya wa m'dera, ndi mayi wa Mvano, wa Dorika kapena wa mumphakati amene wabwera ndi sopo ndi shuga. Ndikulembera amenewa.

Mukamvetsera bwino, nkhani zoyamba kutuluka zimakhala za ntchito ndi mphamvu. Bambo amene lero akuchita kumutembenuza amanena za ku migodi ya ku Joni, za mashini a ku David Whitehead, za masamba a tiyi ku Thyolo. Mayi amene akuchita kumumwetsa phala amanena mmene ankadzukira usiku kukazinga mandasi, n'kuphunzitsa nawo ana anayi mpaka folomu 4. Sikuti akudzitama. Akuyika pambali pa thupi lofookali munthu wina amene ankadyetsa anthu, kuti inu muone onse awiri. Kafukufuku amene Dr Jane Bates ndi anzake anachita ndi mabanja a odwala khansa muno mu Blantyre, yemwe anatuluka mu 2018, anapatsa odwala ndi magadiyani makamera kuti ajambule chimene iwo amati kukhala bwino. Chimene chinamveka kwambiri ndi kutha kugwiranso ntchito za tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo zopezera ndalama. Ntchitozo zikakanika m'manja, zimasamukira m'nkhani.

Kenako pamabwera za kumudzi. Anthu ambiri a m'tauni muno anachokera kwina: ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Nsanje, ku Ntcheu. Wodwala amayamba kutchula mfumu ya kwawo, mfunda wake, dzina la malume amene anali mwini mbumba, mtengo wa mango umene uli pafupi ndi manda a makolo. Tcherani khutu apa, chifukwa nthawi zambiri mkati mwa nkhani imeneyi muli pempho limene sangalinene poyera: akufuna akagone kuti. Mwamuna amene wakhala pa chikamwini zaka 40 akamabwerezabwereza za mudzi wa amayi ake, musamangoti akukumbuka ubwana. Mungathe kufunsa mofatsa, "Kodi mtima wanu uli kumeneko, ababa?" Yankho lake lingapulumutse banja ku mkangano waukulu wa tsiku la maliro.

Pali nkhani zina zimene zimatuluka mochedwa, zolemera: m'bale amene sanalankhulane naye chiyambire mlandu wa munda, mwana amene anamwalira iye ali kutali, banja loyamba limene linatha. Zimenezi sizibwera tsiku loyamba ndipo sazikoka ndi chingwe.

Chimene chimatopetsa achibale ndi kubwereza. "Nkhani imeneyi tinaimva kale, anganga." Inde munaimva, koma simunaimve mmene akuinenera lero. Nkhani imene ikubwerezedwa ndi imene wodwala akuikonzabe. Sabata yatha nkhani ya mandasi inali yodandaula, ya mwamuna amene anathawa ana. Lero mwamuna uja wangotchulidwa kamodzi, nkhani yonse yakhala pa tsiku limene mwana wamkazi analandira malipiro oyamba n'kugula chitenje. Munthuyo wasankha kuti azikumbukiridwa ngati mayi amene anapambana, osati mkazi amene anasiyidwa. Kusinthako ndiye ntchito imene akugwira, choncho musamukonze. Akati anapita ku Joni mu 1972 pamene inu mukudziwa kuti munali mu 1970, zisiyeni. Simuli pa bwalo la milandu. Mwana amene amalumphira kuti, "Ayi amayi, sizinali choncho," amatseka nkhani yonse chifukwa cha chaka chimodzi.

Tsono kachitidwe kake. Choyamba ndi thupi, chifukwa munthu amene akumva ululu sanganene za Beira. Morphine wakumwa wamadzi amaperekedwa maola 4 aliwonse, ndipo amayamba kugwira pakatha mphindi 20 mpaka 30. Nthawi yabwino yocheza ndi pafupifupi ola limodzi atamwa, osati pamene nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira. Ngati angoyamba kumene morphine kapena awawonjezera mlingo, masiku awiri kapena atatu oyamba amakhala ndi tulo tambiri, ndiye dikirani tuloto tichepe. Musachepetse kapena kudumphitsa mankhwala kuti akhale maso pa nkhani yanu. Za mlingo ndi za namwino. Onaninso zing'onozing'ono zimene wodwala amachita nazo manyazi kunena pamaso pa mlendo: kudzimbidwa, komwe kumabwera ndi morphine pafupifupi nthawi zonse ngati sakumwa mankhwala ofewetsa m'mimba, chikhodzodzo chodzaza, chitenje chonyowa, fungo la bala. Asambe kaye, asinthe, avale chimene akufuna. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene akuopa kuti mukumva fungo adzangoyankha kuti "eya" ndi "ayi" kuti muchoke msanga.

Pakamwa pamauma msanga polankhula. Ikani pafupi kapu ya madzi ndi supuni, kansalu koyera konyowetsa milomo, ndi Vaseline pang'ono. Wa khansa ya kum'mero, amene ngakhale malovu akumuvuta kumeza, mum'patse kachitini kolavulira ndi kansalu popanda kuchititsa nkhani. Mumutsamiritse pa mapilo kapena bulangete lopinda kuti akhale chokhala pang'ono. Ngati akubanika, tsegulani zenera, wina azimupepesera mphepo kumaso ndi katoni, ndipo mafunso anu akhale oti ayankhe mwachidule. Inuyo musaime. Ngati ali pa mphasa khalani pansi, ngati ali pa bedi kokani mpando kuti maso anu afanane msinkhu ndi ake. Mphindi 20 mpaka 30 n'zokwana. Mawu akayamba kutsika, maso kutsinzina, kapena akayamba kuyankha mawu amodzi amodzi, lekezani pomwepo ngakhale nkhani ili pakati. Kuli bwino kubwera katatu mwachidule kusiyana n'kumufinya tsiku limodzi.

Poyambira m'pamene ambiri amagwa. Mukangoti, "Tabwera kuti mutisiyire mawu otsiriza," mwaononga. Wodwala adzaona ngati mukumulaula, achibale adzati mwabwera kudzamufulumizitsa, ndipo mwina mudzatulutsidwa. Yambirani pa chinthu chogwirika: chithunzi chakale cha pa khoma, chitupa cha kuntchito, yunifolomu ya kumpingo, mpeni wosemera mipini umene uli pansi pa bedi. "Agogo, chithunzi ichi munajambulitsa kuti?" Funso lotero silioopsa munthu. Zaka zimene aliyense amakumbuka zimathandizanso kutsegula: njala ya 1949 kwa okalamba kwambiri, ngozi ya ndege ya Wenela, bungwe lomwe linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 imene inapha anthu oposa 70 n'kuimitsa ulendo wa ku migodi, referendamu ya 1993, njala ya 2002, namondwe wa Freddy mu 2023. "Nthawi ya referendamu n'kuti muli kuti?" Koma samalani ndi Freddy kwa anthu a ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, kumeneko bala likadali laliwisi, ndipo ayambe okha ngati akufuna.

Nkhani ikayenda, mafunso ochepa ndi okwanira, limodzi pa nthawi. Ndi nthawi iti pa moyo wanu imene munkamva kuti muli pa mphamvu zanu zenizeni? Pa zonse munachita, n'chiti chimene mtima wanu umakondwera nacho? Pali chimene mukufuna adzukulu adzadziwe za inu? Pali munthu amene muli naye mawu? Lomalizali lisungeni mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mukafunsa, khalani chete. Werengani chamumtima mpaka 10 musanawonjezere kanthu, chifukwa wodwala amachedwa kusonkhanitsa mawu, ndipo nthawi zambiri chinthu chenicheni chimatuluka pambuyo pa kachetechete kameneko. Ntchito yanu ndi ya uja amavomereza "tilitonse" pa nthano: "Eee." "Kenako?" "Ndiye munatani?" Musabweretsepo nkhani ya azakhali anu amene anadwalanso chimodzimodzi. Akalira, musathamangire kunena kuti "limbani mtima." Gwirani dzanja ngati n'koyenera, dikirani, kenako funsani ngati akufuna kupitiriza.

Amene ali m'chipindamo amasintha nkhani. Bambo sanganene za chibwenzi chake choyamba pamaso pa mpongozi, mayi sanganene za nkhanza za m'banja mwana wamwamuna ali pakhomo. M'nyumba ya chipinda chimodzi zimavuta, komabe funsani mwiniwake, "Mukufuna pakhale ndani?" ndipo enawo atumeni kumsika kapena kukatunga madzi mwaulemu. Mu wodi, pewani nthawi imene madokotala akuzungulira ndi nthawi yoona odwala pamene anthu adzaza. Kokani katani ngati ilipo, lankhulani motsitsa.

Kujambula kapena kulemba si kokakamiza. Odwala ambiri amangofuna womvetsera, ndipo zikatero foni ikhale m'thumba. Koma akafuna kuti mawu awo atsale, pemphani chilolezo momveka, muwauze amene adzamve. Foni ikhale yotchaja mokwanira popeza magetsi sadalirika, ndipo muitseke netiweki kuti wina asaimbe pakati pa nkhani. Iikeni pa nsalu yopinda, kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pakamwa, osati m'manja mwanu momwe imajambula kukhwekhwereza kwa zala. Zimitsani wailesi. Yesani masekondi 10 n'kumvetsera musanayambe. Mawu a wodwala amakhala otsika kuposa mmene khutu lanu likumvera, ndipo tambala wa kwa aneba amamveka kuposa iye. Yambani ndi kutchula tsiku ndi malo. Mphindi 30 za mawu zimadya malo pafupifupi 30 MB kapena kucheperapo, choncho foni wamba ikwana. Tsiku lomwelo koperani pa memore khadi kapena pa foni ina, chifukwa mafoni amabedwa mu minibasi. Chimene simuyenera kuchita ndi kuponya mawuwo pa gulu la banja la WhatsApp. Akangopita kumeneko sabwereranso, ndipo adzafika kwa amene wodwala sanafune.

Polemba, gulani kope la chikuto cholimba. Mawu a mphindi 30 amatenga maola awiri kapena atatu kuwalemba pamanja, ndiye musazengereze: malizani pasanathe masiku awiri kapena atatu, chifukwa munthu amene lero akucheza bwino akhoza kukhala wosalankhula sabata yamawa. Lembani mmene iye amalankhulira. Ngati amasakaniza Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, zisiyeni momwemo. Ngati ali ndi kamwambi kake kamene amakonda, kalembeni. Aphunzitsi ndi alaliki ndi amene amavuta apa, amafuna kuwongola chilichonse mpaka agogo amveke ngati nkhani za pa wailesi, ndipo adzukulu powerenga sawapezamo agogo awo. Chotsani zobwereza zopanda ntchito ndi kutsokomola basi. Mukatha, muwerengereni mokweza, pang'onopang'ono. Gawo limeneli musalidumphe. Munthu akamva moyo wake ukuwerengedwa ndi pakamwa pa wina, amawongola khosi, amati "pamenepo mufufute," "apo mwaiwala mlongo wanga." Iye ndiye mwini kope, ndipo chimene wati chichoke chichoke.

Zovuta zimene zimabwera n'zodziwika. Choyamba ndi kusokonezeka mutu kwenikweni, kumene n'kosiyana ndi kukumbuka za kale. Kumabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, kumakula madzulo ndi usiku, munthu sadziwa pamene ali, amatolatola bulangete, nkhani yake siilumikizana ndipo amaoneka wamantha. Zoyambitsa zake nthawi zambiri ndi matenda ena olowerera monga a m'chikhodzodzo kapena chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa kwa masiku, mkodzo wokanika kutuluka, impso zofooka kapena mankhwala. Zimitsani foni, itanani namwino, chifukwa zina mwa izi zimachizika. Zimene wanena ali choncho musazilembe ndipo musazitenge ngati chinsinsi chimene chaululika. Koma wodwala amene ali bwinobwino, akukudziwani, n'kunena modekha kuti walota amayi ake amene anamwalira kale akumuitana, ameneyo sanasokonezeke. Zimachitika kawirikawiri kumapeto, ndipo ambiri zimawakhazika mtima pansi. Funsani kuti amayiwo anati chiyani.

Chachiwiri ndi cholemera kwambiri kwathu kuno: wodwala akatchula munthu kuti ndiye anamulodza. Funso lakuti "chifukwa chiyani ine?" limafuna yankho, ndipo khansa siyankha. Musatsutsane naye mwaukali, musavomerezenso. Mverani mantha ndi mkwiyo zimene zili pansi pake. Koma dzina limenelo lisalowe m'kope mwachisawawa, chifukwa kope lidzatsala iye atapita, ndipo tikudziwa zimene zimachitikira okalamba amene atchulidwa ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Powerenga mobwereza funsani, "Kodi mukufuna adzukulu adzawerenge zimenezi inu kulibe?" Ambiri akamva mawu awo omwe akuwabwerera amati zichotsedwe. Akaumirira, muli ndi ufulu wonena kuti gawo limenelo simulemba.

Zinsinsi nazo zimatuluka: mwana wa kunja amene banja silimudziwa, kachilombo kamene mkazi sanauzidwe, ngongole. Musathamange nazo ndipo musalumbire msanga kuti simudzauza munthu. Funsani, "Mukufuna ndichite nazo chiyani?" Ena amangofuna kutula. Ena amafuna thandizo kuti anene okha, ndipo apo mpofunika nkhoswe, abusa, ansembe, shehe kapena namwino amene wodwalayo amamukhulupirira. Ngati chinsinsicho chikukhudza thanzi la munthu wina, monga mkazi amene akufunika kukayezetsa, kambiranani ndi namwino wa chisamalirochi, musachisenze nokha.

Pa za katundu ndinene mosapsatira: mawu a pa foni kapena a m'kope si wilo. Wodwala akati, "Nyumba ya ku Machinjiri ndi ya ana anga, abale anga asaikhudze," mawuwo ali ndi ulemu wake pa mwambo, koma pa lamulo ndi ofooka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna wilo yolembedwa, yosainidwa ndi mwiniwake pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso n'kusaina. Mbonizo zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu. Nkhani ikafika pa nyumba, munda kapena ndalama za ku banki, imitsani, muthandizeni kulemba wilo pa pepala lina akadali ndi nzeru zake zonse, makamaka m'mawa pamene mutu uli bwino. Lamulo lomweli limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma kupewa kumaposa kukasuma.

Alendo opemphera ndi dalitso, ndipo odwala ambiri amawadikira. Vuto ndi aja amene wodwala akangoti, "Ine ndikuona kuti ulendo wayandikira," amamudzudzula kuti alibe chikhulupiriro, n'kuyamba kufuula. Munthu amatseka pakamwa, ndipo zimene amafuna kuuza ana ake zimapita naye. Pempherani, koma mufunseni kaye chimene akufuna mupempherere. Vuto lina ndi lathu omvetsera: timafuna nkhani iliyonse ithere pa kukhululukirana ndi umboni wokoma. Miyoyo ina siinayende choncho. Wina adzanena za nkhanza zimene anachitiridwa ndipo sadzakhululuka, wina adzati moyo wake unangotayika. Mungamukumbutse chinthu chenicheni chimene iye mwini ananena dzulo, monga mwana wa m'bale amene anamulera, koma musamupangire mathero. Palinso amene safuna n'komwe kunena za kale, amafuna kumva mmene Bullets yasewerera kapena mtengo wa chimanga ku msika wa Limbe. Ameneyonso akukuuzani kuti iye ndani. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa njira ya Chochinov, wa mu 2011, sanapeze kuti imachepetsa nkhawa pa miyeso kuposa chisamaliro china. Chimene anapeza n'chakuti odwala ambiri anati inawathandiza, inawapatsa ulemu ndipo inali yaphindu kwa mabanja awo. Si mankhwala, ndipo siilowa m'malo mwa morphine, chakudya kapena thewera loyera.

Ana odwala amanena zawo kudzera m'zojambula ndi masewera, choncho pepala ndi makrayoni zimagwira ntchito kuposa mafunso. Wamkulu akafika posalankhula, nkhani imatembenuka: tsopano achibale ndiwo amamuuza. Anamwino amalangiza kuti tizilankhula ngati akumva, ndiye muwerengereni kope lija, muyimbireni nyimbo ya kumpingo imene ankaikonda, mutchuleni ndi mfunda wake, ndipo mikangano ya ndalama za bokosi ikachitikire panja.

Za mwini kope zitheretu wodwala akadali ndi mphamvu. Mufunseni kuti lidzapite kwa ndani, lidzaperekedwe iye ali moyo kapena pambuyo, ndiponso ngati mbali ina ingawerengedwe pa mbiri ya malemu tsiku la maliro. Ena amavomera, ena amakana. Mayankhowo alembeni pa tsamba loyamba pamodzi ndi tsiku, iye asainepo kapena adinde chala. Kope lisaperekedwe pa siwa pamene anthu ali piringupiringu, chifukwa limayenda m'manja ambiri n'kusowa. Dikirani masabata angapo, mukalipereke m'manja mwa amene anatchulidwa, pamodzi ndi memore khadi, kenako mufufute mawuwo mu foni yanu.